Uwabweretse ku Luwani

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikulemba kuchokera kuno kumudzi ku Luwani. Tonse tili bwino, ndipo amayi ako akuti usamaiwale kudya chifukwa cha ntchito. Uthenga woti akupatsa kosi ya software engineering, ija imene ophunzira amapanga pulojekiti m'magulu semesita yonse, watisangalatsa kwambiri. Unandifunsa zinthu zitatu: uwagawe bwanji m'magulu, uwapatse ntchito yotani, ndiponso uwachonge motani kuti pasakhale woponderezedwa. Pafoni sindikanatha kuyankha mokwanira. Ndasankha kulemba, ndipo ndalemba poyera chifukwa mafunso akowa akusowetsanso tulo aphunzitsi anzako ku Zomba, ku Thyolo, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Mafunso ako ndi atatu, koma mayankho anga onse akuchokera pa mfundo imodzi. Gulu lililonse likhale ndi munthu weniweni amene akudikira chimene likupangacho, munthu amene ali ndi mphamvu yonena kuti, "Ayi, ichi sichindithandiza." Munthu ameneyo akapezeka, zina zonse zimalongosoka mosavuta. Akasowa, ophunzira amapangira iwe mphunzitsi, ndipo chimene amatuluka nacho ndi luso lokusangalatsa basi.

Kumbukira chimene chinabala kosi imeneyi. Mu 1968 akatswiri a makompyuta anasonkhana ku Garmisch m'dziko la Germany, pamsonkhano umene unakonzedwa ndi bungwe la NATO, chifukwa mapulogalamu akuluakulu ankachedwa kutha, ankadya ndalama zoposa zimene anakonza, ndipo akatha ankakanika kugwira ntchito. Odziwa kulemba khodi analipo. Chovuta chinali choti anthu ambiri amange chinthu chimodzi, chinthucho n'kukhala chofunidwa ndi anthu enanso. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito ya OS/360 ku kampani ya IBM, anaonetsa m'buku lake la 1975 lotchedwa The Mythical Man-Month kuti ntchito ikachedwa, kuthamangira kuwonjezera anthu kumangoichedwetsa kwambiri. Masamu ake ndi apafupi. Anthu anayi ali ndi njira 6 zolankhulirana awiriawiri, anthu asanu ali ndi njira 10, pamene anthu khumi ali ndi njira 45. Choncho magulu ako akhale a anthu anayi kapena asanu. Kalasi ikakhala yaikulu, uchulukitse magulu, usachulukitse anthu m'gulu.

Tsopano za ntchito yoti uwapatse. Ndikudziwa mitu imene imazungulira m'makoleji chaka ndi chaka: pulogalamu ya laibulale, ya hotela, ya sitolo ya pa intaneti. Mapulojekiti amenewa alibe mwini. Khodi yake ili mbwee pa intaneti, ndipo wophunzira waulesi angaitenge usiku umodzi n'kusintha mitundu yokha. Ngakhale wakhama saphunzirapo chofunika kwambiri, chifukwa amadzifunsa yekha n'kudziyankha yekha. Ine ndikuti uwabweretse kuno.

Iwe unakulira pano, ukudziwa kuti anthu a ku Luwani alembedwa m'kaundula kambirimbiri. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, dziko lathu linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo msasa wa pano unali amodzi mwa malo amene anakhalamo. Unatsekedwa mu 2007. Mu 2016 unatsegulidwanso pamene anthu ochokera m'chigawo cha Tete anadzaza ku Kapise m'boma la Mwanza, boma ndi bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR n'kuyamba kuwasamutsira kuno. Mu 2017 tonse tinaima pamzere kulembetsa ziphaso za unzika. Kuwonjezera apo pali kaundula wa kusikelo, wa feteleza wotsika mtengo, wa Mtukula Pakhomo. Anthu a kuno amadziwa bwino zimene zimachitika munthu akakumana ndi fomu yopangidwa ndi wina amene sanamuonepo.

Ndinaonapo zimenezi ndi maso anga pamalo ena olembetsera anthu. Gogo wina anafika patebulo atanyamula kabuku kake ka kuchipatala kokulungidwa m'jumbo ya shuga. Kalaliki anafunsa tsiku lobadwa. Gogo anayankha kuti anabadwa mvula yotsatira njala yaikulu ija, kutanthauza njala ya 1949. Sikirini inakana kupita patsogolo popanda tsiku, mwezi ndi chaka. Kalaliki anapumira m'mwamba, n'kulemba 1 January, monga anachitira ndi agogo ena onse m'mawa umenewo. Atafunsa kokhala, gogo anati kuseri kwa mjigo, mukapitirira mlambe wong'ambika uja. Pafomu panali malo a nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Dzina la gogo m'kabuku linalembedwa mwa Chichewa, pa khadi lina lakale linalembedwa mwa Chipwitikizi, ndipo makina anaona anthu awiri. Mzere unali kukula, dzuwa la kumunsi kwa Neno likuswa mtengo, batire ya laputopu ikupita kumapeto. Gogo sanalakwe, kalaliki sanalakwenso. Amene anapanga fomu ija anali wodziwa khodi, koma sanakhalepo pamzere wotere ngakhale ola limodzi. Ntchito yako ndi kuonetsetsa kuti ophunzira ako asadzakhale munthu ameneyo.

Zitsanzo zabwino tili nazo konkuno, suyenera kuzifuna kutali. Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health atayamba ntchito pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anaona kuti wogwira ntchito amene akudikiridwa ndi khamu la odwala alibe nthawi ya kiyibodi. Anaika masikirini ongogunda ndi chala, ndiponso kamakina kosindikiza kapepala ka barcode komata pa kabuku ka wodwala, kuti akadzabweranso apezeke mwachangu. Kuno ku Neno, a Abwenzi Pa Za Umoyo, amene akugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo kuyambira 2007, amasunga mbiri ya odwala pa OpenMRS, pulogalamu imene khodi yake ndi yotseguka kwa aliyense. Ophunzira ako angathe kuitsegula n'kuona mmene anthu a m'mayiko osiyanasiyana amamangira chinthu chimodzi osapondana. Ndipo makina a Pumani, amene amathandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, anayamba ngati pulojekiti ya gulu la ophunzira a ku Rice University ku America, mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Anafika m'zipatala zathu chifukwa panali anthu a m'wodi amene ankawayesa n'kunena pamene pakulakwika.

Sindikunena kuti ophunzira a chaka chachitatu akagwire mbiri ya odwala. Ntchito zowayenera zilipo zambiri. Komiti ya mjigo imafuna kudziwa amene wasonkha ndi amene sanasonkhe, ndiponso kuti ndalama yogulira mapaipi yakwana liti. Mphunzitsi wamkulu wa pulaimale amafuna kudziwa msanga mwana amene wayamba kujomba. Alimi amafuna kudziwa mtengo wa mbuzi kapena manachesi ku Zalewa asanalipire kabaza. Koma ndikanakhala ine, gulu limodzi ndikanalitumiza kwa amayi a banki m'khonde.

Amayi amenewa amakumana sabata iliyonse ndi bokosi, kope ndi mbale yoponyamo ndalama. Ali ndi masheya, ngongole, chiwongoladzanja, chindapusa cha wochedwa, thumba la zadzidzidzi, ndi tsiku logawana kumapeto kwa chaka. Wophunzira akamva zimenezi amati ndi zophweka, sabata ziwiri zakwana. Akakhala nawo pamkeka kawiri katatu, amayamba kuona malamulo amene sanalembedwe paliponse. Mayi amene mwana wake wagonekedwa kuchipatala cha Lisungwi amamuwonjezera masiku obwezera popanda chindapusa, ndipo zimenezo amagamula onse pamodzi. Msungichuma amawerenga ndalama mokweza, aliyense akuona, ndipo mlembi amatchula zimene walemba kuti amene sadziwa kuwerenga amve. Chikhulupiriro cha gulu lonse chagona pa kuwerenga mokwezako. Ukatenga kaundula yense n'kumutsekera mufoni ya munthu m'modzi, masamu adzalondola koma banki idzatha, chifukwa amayi ena sadzaonanso ndalama zawo. Gulu la ophunzira limene lazindikira zimenezi n'kusankha kuti membala aliyense azilandira kauthenga pafoni yake, kope n'kukhalabe pamkeka, laphunzira zimene buku lililonse silikanawaphunzitsa.

Uwauzenso kuti chimene akupanga chikagwire ntchito m'dziko lino monga liliri. Malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani ali pafupi pomwepa pamtsinje wa Shire, koma anthu ambiri a kuno amatchajitsa foni pa sola kapena kwa wometa tsitsi kumsika. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lonse linakhala chaka ndi miyezi magetsi akuzima maola ambiri. Netiweki imabwera n'kupita, bandulo ndi yodula, ndipo foni zambiri m'mudzi ndi za mabatani. N'chifukwa chake Airtel Money ndi Mpamba zinafika paliponse: munthu amangodina manambala, safuna intaneti. Uike lamulo kuyambira sabata yoyamba kuti pulogalamu iliyonse izigwira ntchito netiweki ikasowa, n'kudzatumiza zimene yasunga ikabwerera, ndipo mawu a pasikirini akhale m'Chichewa chimene amayi ako angamve. Tsiku loonetsa ntchito, zimitsa intaneti wekha pakati pa chionetsero. Zula chingwe cha magetsi munthu ali mkati molemba ngongole. Kenako uyatse, muone limodzi ngati ndalama ya mayi uja yasungika kapena yasowa.

Kayendetsedwe ka masabata ndikuona kotere. Masabata atatu oyamba asalembe khodi. Apite kukakhala ndi mwini ntchito, aone mmene amachitira panopa, ajambule masikirini papepala ndi pensulo, n'kumupatsa kuti ayese kudina ndi chala. Pepala silichedwa kung'amba, pamene khodi ya mwezi wathunthu munthu amaikakamira ngakhale yalakwika. Pofika sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, pakhale kanthu kakang'ono kogwira ntchito kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ngakhale kongolemba sheya imodzi n'kuionetsa. Kuchokera apo, masabata awiri aliwonse azionetsa chinthu choyenda, osati zithunzi za zimene akufuna kudzachita. Usavomereze mawu oti "tatsala pang'ono." Khodi iliyonse isanalowe mu pulojekiti iwerengedwe ndi mnzake wa m'gulu, ndipo ikhale ndi mayeso ake oonetsa kuti ikuchitadi zimene akunena. Pakati pa semesita mwini ntchito adzasintha maganizo, chifukwa munthu amadziwa bwino chimene akufuna akaona chimene sakufuna. Ophunzira adzabwera kwa iwe akudandaula. Usawapulumutse. Uwathandize kukambirana naye chimene chitsale ndi chimene chilowe, pakuti ntchito imene akuikonzekera ndi yomweyo.

Magulu uwasankhe wekha. Ukawasiya, anzeru amadzikundika pamodzi, ochokera sukulu imodzi amatsatana, ndipo amanyazi amatsala okhaokha. Uyambe wafunsa amene ali ndi laputopu ndi amene alibe, kuti gulu lililonse likhale ndi pogwirira, ndiponso kuti mwini laputopu asasanduke mfumu ya gulu. Uyang'anitsitse atsikana. Iwe ukudziwa kuposa ine mmene zimakhalira: anyamata amagawana khodi, mtsikana n'kupatsidwa kulemba lipoti ndi kukongoletsa zoonetsa, semesita n'kutha asanagwire chimene anabwerera. Maudindo azisinthana. Wotsogolera mwezi uno akhale woyesa pulogalamu mwezi wamawa, ndipo wolankhula ndi mwini ntchito asakhale m'modzi yemweyo nthawi zonse. Ngati n'kotheka usaike mtsikana yekha pakati pa anyamata anayi.

Funso lako lachitatu ndi limene limapweteka aphunzitsi ambiri. Gulu likapatsidwa malikisi amodzi, wogwira ntchito amawawidwa mtima, wobisala n'kudutsa. Uganizire mmene dima limayendera. Munda ndi umodzi, anthu amalima pamodzi, koma aliyense ali ndi mzere wake, ndipo dzuwa likamapendeka aliyense amaona amene wafika kumapeto ndi amene wasiya udzu m'mbuyo. Git, imene Linus Torvalds analemba mu 2005, imakupatsa mizere imeneyo. Imasunga dzina la wolemba, tsiku, ndi chimene anasintha. Uwauze kuti aliyense azilowetsa ntchito yake m'dzina lake, ndipo iwe uzisuzumiramo sabata iliyonse, osadikira mapeto. Koma usawerenge kuchuluka kwa mizere ya khodi, chifukwa wina amene wachotsa khodi yosafunika, kapena wapeza cholakwika chobisika, wathandiza gulu kuposa wolemba zambiri.

Ine ndikanagawa malikisi pawiri, theka la gulu ndi theka la munthu payekha. Pa theka la gulu, mawu a mwini ntchito akhale ndi gawo: kodi akuigwiritsa ntchito, kapena wabwerera ku kope lake lakale? Pa theka la munthu, ukhale ndi wophunzira aliyense kwa mphindi zochepa, utsegule khodi imene akuti ndi yake, n'kumuuza kuti asinthe kanthu kakang'ono iwe ukuona. Njira imeneyi imayankhanso nkhawa ya ChatGPT ndi zinzake. Kuwaletsa sikutheka, ndipo kuntchito akazipeza. Lamulo likhale loti chilichonse chimene walowetsa m'dzina lako, uzitha kuchifotokoza ndi kuchikonza chikasweka. Ophunzira azichonganso anzawo mwachinsinsi kawiri pa semesita, ndipo koyambako kuchitike nthawi ikadalipo yoti wotsalira asinthe.

Ukaona wina wasowa pamisonkhano ya gulu, uyambe wamuitana payekha usanamulange. Ulesi ulipo, sindikukana. Koma kawirikawiri udzapeza kuti ndalama yodyera yatha, akugona kutali ndi sukulu, akugwira ganyu kuti apeze fizi, kapena akuchita manyazi kuti sadziwa zimene anzake akudziwa. Wotereyu umupatse kachigawo kakang'ono koti amalize sabata yomweyo, ndipo umukhazike ndi mnzake pa kompyuta imodzi, wina akulemba wina akuona, kenako n'kusinthana. Munthu akaona ntchito yake ikuyenda m'chinthu cha gulu, mtima umabwerera.

Pali nkhani ina imene sindikufuna uipeputse. Mayina a anthu si chinthu choseweretsa. Ife a pano tikudziwa kuti kwa munthu wothawa nkhondo, dzina lake likafika m'manja olakwika moyo wake ndi wa abale ake otsala uli pangozi. Ngongole ya mayi wa banki m'khonde ikamveka kwa amene sayenera kuimva, banja lingagwedezeke. Dziko lathu tsopano lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo ophunzira ako aliwerenge ngati mbali ya kosi. Poyeserera azigwiritsa ntchito mayina ongopeka. Asajambule kope la anthu n'kulitumiza pa WhatsApp. Asatenge chilichonse chimene pulogalamu siikuchifuna. Pofika pamudzi ayambe kwa amfumu, afotokoze momveka kuti ndi ana a sukulu, ndipo asalonjeze zimene sangakwanitse. Anthu a kuno aona alendo ambiri obwera ndi mafunso n'kupita osabwereranso, ndipo sindikufuna kuti ana ako awonjezere pa chiwerengero chimenecho.

Za mapeto uziganizire kuyambira pachiyambi. Semesita imatha koma amayi aja amakumanabe sabata yotsatira. Masabata awiri omaliza magulu asinthane ntchito: gulu ili litenge khodi ya gulu lina, liyike pa kompyuta yatsopano potsata malangizo olembedwa okha, n'kuwonjezerapo kanthu kamodzi. Pamenepo ndi pamene wophunzira amamvetsa chifukwa cholembera zinthu momveka. Pulojekiti imene yagwira mtima mwini wake uipereke kwa kalasi ya chaka chamawa kuti aipitirize, chifukwa ntchito yambiri imene adzaipeze kunja ndi yokonza ndi kukulitsa zimene ena anayamba. Imene yakanika, gulu lipite kukanena zoona, libweze kope ndi zonse zimene linabwereka, n'kuthokoza.

Ndikudziwa kuti zimene ndalembazi ndi zolemetsa kuposa kupereka mutu wa laibulale n'kudikira malipoti. Pafunika ndalama ya mayendedwe, makalata opempha chilolezo, ndi nthawi yako yambiri. Si magulu onse angafike ku Neno. Ena apeze eni ntchito awo ku Ndirande, ku Bangwe kapena kumsika wa Limbe, mfundo ndi yomweyo. Koma gulu limodzi kapena awiri uwabweretse kuno mvula isanayambe, misewu ikadali yabwino. Ana amene udzawaphunzitse ndi amene adzalembe mapulogalamu a zipatala, a mabanki ndi a maofesi a boma m'zaka zikubwerazi, ndipo amene adzaime pamzere kutsogolo kwa mapulogalamuwo ndi ife, makolo ako ndi anansi athu. Ndikufuna adzalembe akutidziwa.

Undiuze tsiku msanga kuti ndikalankhule ndi amfumu, ndi komiti ya mjigo, ndi amayi a banki. Pogona pa anyamata ndikonza ine, atsikana adzagona kwa amayi ako. Ndimakunyadira kwambiri, mwana wanga, ndipo ndikudziwa kuti ntchitoyi uigwira bwino. Mulungu akutsogolere.

Ndatha ine,

Bambo ako
Luwani, Neno